Mukaitanidwa ku Tchalitchi Koyamba

Alipo anthu ambiri m'midzi mwathu amene sanalowepo m'tchalitchi pa nthawi ya mapemphero. Ena ndi Asilamu. Ena amatsata miyambo ya makolo. Ena anangokulira pakhomo posapemphera, basi. Belu amalimva Lamulungu lililonse, nyimbo amazimvera kunja akupita kudimba, koma za m'katimo sazidziwa.

Koma tsiku limafika ndithu. Mwana wa mlongo wanu akumangitsa ukwati m'tchalitchi. Mdzukulu wanu akubatizidwa. Mnzanu amene munkadyera naye mbale imodzi wamwalira, ndipo mwambo wa maliro ukuyambira m'tchalitchi. Kukana simungakane. Pamenepo mtima umayamba kufunsa. Kodi ndikakhala pati? Anthu akaimirira, ine nditani? Nanga mbale ya ndalama ikandipeza ndilibe kanthu? Ena amafika pafupi ndi khomo, kenaka n'kukakhala pansi pa mtengo mpaka mapemphero kutha. Abale awo amatsala akudandaula kuti sanawaone. Chimene chawaletsa kulowa si mwano ayi. Ndi manyazi.

Manyazi amenewa amabwera chifukwa chosadziwa. Mapemphero a Akhristu ali ndi ndondomeko yake, ndipo siisinthasintha. Munthu akaidziwa sasochera. Ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli ndi mwayi umene kale munalibe, chifukwa zambiri za m'tchalitchi zimayendera mabuku ndi manambala.

Funsani kaye: ndi mpingo wanji?

Tchalitchi ndi nyumba yopemphereramo. Mpingo ndi anthu amene amapemphera m'nyumbamo. Muno m'Malawi mipingo ilipo yambiri. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse, 77 ndi Akhristu. Mwa anthu 100 omwewo, 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Palinso a Anglican, a Seventh-day Adventist, a Baptist, a Assemblies of God, a Ziyoni ndi ena ambiri.

Mipingo imeneyi siinabwere tsiku limodzi, ndipo siinachokere kumodzi. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, ena n'kukhazikika ku Blantyre mu 1876. A ku South Africa anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo ndiwo anadzamanga Nkhoma. Magulu atatuwa ndiwo anapanga CCAP. A Anglican anamanga likulu lawo pa chilumba cha Likoma. Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. John Chilembwe anayambitsa mpingo wake wa PIM ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900. Gulu lililonse linadza ndi kapempheredwe kake. N'chifukwa chake zimene mungaone ku Katolika sizifanana ndi za ku CCAP, ngakhale onse amawerenga za Yesu yemweyo.

Tsono munthu akakuitanani, musangoti "chabwino, ndibwera." Mufunseni kuti ndi mpingo wanji, tsiku liti, nthawi yanji. Mipingo yambiri imapemphera Lamulungu, koma a Seventh-day amapemphera Loweruka. M'tauni matchalitchi ambiri amakhala ndi mapemphero awiri kapena atatu, ena a m'Chingerezi, ena a m'Chichewa. Kumpoto mungapeze a m'Chitumbuka kapena m'Chitonga. Kawirikawiri nthawi zimenezi amazilemba pa chikwangwani cha panja. Imani muwerenge. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zovala ndi pokhala

Sikofunika kugula chovala chatsopano. Chapani chimene muli nacho, mukhale aukhondo. Amayi ambiri amavala diresi lalitali kapena kumanga chitenje, ena amamanganso duku. Abambo amavula chipewa polowa. Mukaona amayi atavala zofanana, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, musaganize kuti inu mwalakwitsa kavalidwe. Amenewo ndi amayi a bungwe la mpingo. Ku CCAP ya Blantyre amawatcha a Mvano, ku Nkhoma a Chigwirizano, ku Livingstonia a Umanyano. Yunifolomu imeneyo ndi ya mamembala okha, ndipo mlendo saiyembekezera.

Yesetsani kufika mapemphero asanayambe. Ngati muli ndi foni, izimitseni. Ngati mwachedwa ndipo mwapeza anthu ali m'kati mwa pemphero, dikirani pakhomo. Akayamba nyimbo, lowani.

M'matchalitchi ambiri a kumudzi abambo amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo, ana kutsogolo kapena pa mkeka. M'tauni mabanja amakhalira limodzi. Yang'anani mmene eni ake akhalira. Mipando ya kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi gome, imakhala ya akulu a mpingo ndi makwaya. Malo abwino kwa mlendo ndi apakati. Mukakhala kutsogolo simuona zimene anzanu akuchita kumbuyo kwanu. Mukakhala pakati mumaona amene ali patsogolo panu: akaimirira, inunso imirirani; akakhala pansi, khalani. Okalamba ndi odwala sakakamizidwa kuimirira. Mayi wa mwana wakhanda akhale chakukhomo, kuti mwana akavuta atuluke naye mosasokoneza.

Mmene mapemphero amayendera

Tiyeni titenge chitsanzo cha mapemphero a Lamulungu ku CCAP, chifukwa mipingo ina yambiri imachita zofananako.

Nthawi ikakwana, abusa ndi akulu a mpingo amatuluka m'kachipinda kawo ndi kulowa m'tchalitchi pamzere. Anthu onse amaimirira. Kenaka pamabwera nyimbo yoyamba, pemphero, ndi kuwerenga mawu a m'Baibulo. Makwaya amaimba, ina ikatha ina. Mlembi wa mpingo amawerenga zolengeza: maukwati amene akubwera, odwala, maliro, misonkhano ya m'kati mwa sabata. Pamakhala chopereka. Pamakhalanso ulaliki, umene ndi chimake cha mapemphero onsewo. Pomaliza abusa amatambasula manja ndi kudalitsa anthu. Zonsezi zimatenga maola awiri, ndipo makwaya akachuluka zimafika atatu. Idyani kanthu musananyamuke.

Si Lamulungu lililonse limene mungapeze abusa. Mbusa mmodzi amayang'anira nyumba zopemphereramo zambiri, choncho masiku ambiri amalalika ndi mkulu wa mpingo, munthu wa m'mudzi momwemo amene mumakumana naye kumsika.

Pa pemphero anthu amaweramitsa mutu ndi kutsinzina. Wopempherayo akamaliza, onse amati "Ameni." Liwu limeneli ndi la Chihebri, ndipo tanthauzo lake ndi kuvomereza kuti zikhaledi choncho. Pali mapemphero ena amene mpingo wonse umanena pamodzi, osayang'ana m'buku, monga Pemphero la Ambuye. Iwo anawaloweza kuyambira ali ana. Inu simunawaphunzire, tsono khalani chete mwaulemu. Palibe amene akuyang'ana pakamwa panu.

Nambala ya nyimbo

Apa ndi pamene sukulu ya kwacha imaonetsa phindu lake. Wotsogolera akafuna kuti anthu aimbe, satchula dzina la nyimbo lokha. Amatchula nambala. M'matchalitchi ena manambala a nyimbo zonse za tsikulo amawaika pa kabolodi kutsogolo. Buku limene a CCAP ndi mipingo ina amaimbira limatchedwa Nyimbo za Mulungu. Ngati mulibe lanu, woyandikana naye adzakuonetsani lake.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. M'buku la nyimbo muli manambala a mitundu iwiri. Ilipo nambala ya tsamba, ndipo ilipo nambala ya nyimbo, imene imalembedwa pamwamba pa nyimboyo. Akati "nyimbo 120," musafune tsamba 120. Funani nyimbo imene pamutu pake alembapo 120. Mukatsegula n'kupeza 95, pitani kutsogolo. Mukapeza 160, mwapitirira, bwererani m'mbuyo.

Nyimbo imagawidwa m'ndime: 1, 2, 3, 4. Nyimbo zina zili ndi kolasi, ndiye kuti mawu obwereza. Kolasi amailemba kamodzi kokha, pansi pa ndime yoyamba, koma amaiimba pakutha pa ndime iliyonse. Anthu ambiri ongophunzira kumene amasochera pamenepa. Iwo akuthamangira ndime yachitatu, anzawo abwerera pamwamba.

Koma tikuuzeni: palibe malo abwino oyeserera kuwerenga ngati m'nyimbo. Poimba, anthu amatchula mawu pang'onopang'ono, phatikizo limodzi limodzi, monga momwe aphunzitsi amachitira pa bolodi. Ikani chala pansi pa mawu, muzitsatira. Ngakhale musaimbe, maso anu akuwerenga, ndipo makutu anu akukuuzani ngati mwawerenga bwino.

Mutu ndi ndime

Baibulo ndi buku lalikulu, ndipo munthu wolitsegula koyamba amachita nalo mantha. Masamba ake ndi opyapyala, malemba ake ndi aang'ono. Koma ndi buku losavuta kupezamo malo, mukadziwa njira yake.

Baibulo si buku limodzi. Ndi mabuku ambiri omangidwa pamodzi. Limene a CCAP, a Baptist ndi a Seventh-day amagwiritsa ntchito lili ndi mabuku 66: m'Chipangano Chakale 39, m'Chipangano Chatsopano 27. La Akatolika lili ndi mabuku 73. Buku lililonse lili ndi dzina lake, ndipo dzinalo limalembedwa pamwamba pa tsamba lililonse. Kumayambiriro kwa Baibulo kuli mndandanda wa mabuku onse ndi tsamba limene buku lililonse layambira. Musachite manyazi kuyang'ana pamenepo. Ngakhale Akhristu akale amatero akamva dzina la buku laling'ono.

Buku lililonse lagawidwa m'mitu. Ena amati machaputala. Nambala ya mutu imalembedwa yaikulu. Mutu uliwonse wagawidwa m'ndime, ena amati mavesi. Nambala ya ndime imalembedwa yaing'ono, m'kati mwa mizere. Tsono mukaona palembedwa chonchi:

Luka 15:11-24

muwerenge kuti: buku la Luka, mutu 15, kuyambira ndime 11 mpaka ndime 24. Nambala yoyamba ndi mutu. Manambala obwera pambuyo pa timadontho tiwiri ndi ndime. Yambani mwapeza dzina la buku, kenaka nambala yaikulu, pomaliza nambala yaing'ono.

Nayi nzeru ina. Mukatsegula Baibulo chapakatikati, kawirikawiri mumagwera m'buku la Masalimo, limene lili ndi mitu 150, kapena pafupi nalo. Chipangano Chatsopano chili chakumapeto, ndipo chimayamba ndi mabuku anayi: Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane. Alaliki amawerenga kwambiri mabuku amenewa. Buku loyamba m'Baibulo lonse ndi Genesis, lomaliza ndi Chivumbulutso.

Mabuku ena ali ndi nambala kutsogolo kwa dzina, monga 1 Akorinto ndi 2 Akorinto. Amenewa ndi mabuku awiri osiyana. Chimodzimodzinso Yohane ndi 1 Yohane. Yohane wopanda nambala ali kumayambiriro kwa Chipangano Chatsopano, pamene 1 Yohane ali chakumapeto. Ambiri amasokonezeka pamenepa, ndi ophunzira kwambiri omwe.

Mwina mudzadabwa kuona kuti zimene akuwerenga kutsogolo zikusiyana pang'ono ndi za m'buku limene mwagwira. Simunalakwitse ayi. Baibulo la Chichewa linamasuliridwa kangapo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo amene anatsogolera ntchito yomasulirayo anali William Murray wa mishoni ya Mvera, mothandizana ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Mu 1998 munatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi m'Chichewa chophweka. Nkhani ndi yomweyo, koma mawu ake ndiwo asankhidwa mosiyana.

Palinso china chimene chimapunthwitsa anthu a sukulu ya kwacha. Mabaibulo osindikizidwa kale ali ndi kalembedwe kakale. Pamene ife timalemba "ch," iwo analemba "c" yekha. Mukaona "cifukwa," werengani "chifukwa." Mukaona "Cipangano," werengani "Chipangano." Mudzapezanso "bvuto" m'malo mwa "vuto," ndi "pfupa" m'malo mwa "fupa." Aphunzitsi anu sanakunamizeni. Kalembedwe ndiko kanasintha.

Alendo aimirire

Ikafika nthawi ya zolengeza, mlembi amakonda kufunsa ngati pali alendo. Apa ndi pamene mitima ya ambiri imagunda. Koma sichinthu chovuta. Imirirani, tchulani dzina lanu, mudzi wanu, ndi amene wakuitanani. Mukhoza kunena kuti, "Ine ndine uje, ndachokera m'mudzi mwa a uje, ndabwera ku ubatizo wa mdzukulu wanga. Zikomo." Anthu adzaomba m'manja, mwina adzakuimbirani nyimbo yokulandirani, basi mwatha. Akakufunsani kumene mumapemphera, nenani zoona. Ngati ndinu Msilamu, nenani. Ngati simupemphera kulikonse, nenani kuti mwangobwera kudzacheza. Musadzitchule wa mpingo umene simuli, chifukwa bodza lotere limakakuvutani pa nthawi ya Mgonero, monga tione posachedwa.

M'matchalitchi ena amapereka kapepala kapena buku kuti alendo alembe maina awo. Lembani dzina lanu mosathamanga. Ngati simufuna kuti adzakuyendereni kunyumba, simukakamizidwa kulemba kumene mukhala.

Chopereka

Tchalitchi si basi. Palibe mtengo wolowera. Chopereka ndi mphatso imene anthu a mpingo amapereka kuti ntchito za mpingo wawo ziyende: kukonza denga, kusamala abusa, kuthandiza odwala ndi amasiye. Kwina amayendetsa mbale kapena kathumba m'mizere. Kwina anthu amanyamuka mzere ndi mzere kukaponya kutsogolo uku akuimba. Ngati muli ndi kangachepe ndipo mwafuna, ponyani. Ngati mulibe, patsirani mbaleyo kwa mnzanu, kapena khalani pamalo panu anzanu akamapita. Mudzamvanso za chakhumi, za masika, za mapuleji ndi za maenvulopu. Zimenezo ndi za mamembala. Mlendo sizimukhudza.

Pa nkhani ya ndalama tiyikepo chenjezo. Alipo ena masiku ano amene amauza anthu kuti apereke ndalama zakutizakuti kuti awapempherere, kapena agule madzi ndi mafuta kuti achire. Mlendo asachite mantha kukana. Ndipo wina akakuuzani kuti mwachira, tayani mankhwala a kuchipatala, musamvere. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP apitirize kumwa mpaka adokotala atanena. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizilimbana. Mipingo yomweyi ndiyo inamanga zipatala monga za Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni ndi Likuni.

Ku Katolika

Mapemphero aakulu a Akatolika amatchedwa Misa, ndipo amatsogolera ndi wansembe. Anthu amamutchula kuti Bambo kapena Bambo Mfumu, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwo. Mlendo amaona zachilendo zambiri kuno kuposa kwina. Polowa, anthu amaviika chala m'madzi odalitsidwa amene ali pakhomo ndi kuchita chizindikiro cha mtanda, kukhudza pamphumi, pachifuwa ndi m'mapewa. Asanakhale pansi amapinda bondo kuyang'ana kutsogolo. Inu simukakamizidwa kuchita zimenezi. Lowani mwaulemu, mukhale pansi.

Kutsogolo kuli guwa, makandulo ndi mtanda. Wansembe amavala mkanjo umene mtundu wake umasintha ndi nyengo: wobiriwira masiku wamba, wofiirira pa nyengo yokonzekera Khirisimasi ndi Pasaka, woyera pa zikondwerero zimenezo. Pa masiku aakulu amafukiza lubani. Kale Misa inkachitika m'Chilatini, koma msonkhano waukulu wa maepiskopi umene unachitika ku Rome kuyambira 1962 mpaka 1965 unalola zilankhulo za eni dziko. N'chifukwa chake lero mumamva Chichewa, ng'oma ndi nthungululu, ndi kuona atsikana akuvina patsogolo pa mdipiti wolowa.

Misa ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha mawu. Lamulungu amawerenga malo atatu a m'Baibulo, ndipo akafika pa Mthenga Wabwino onse amaimirira. Kenaka wansembe amalalika, ndipo ulaliki wake sukhala wautali ngati wa ku CCAP. Chigawo chachiwiri ndi cha Ukaristia, pamene wansembe amapempherera mkate ndi vinyo. Mukamva kabelu kakulira, anthu onse atagwada, m'tchalitchi muli zii, dziwani kuti imeneyo ndiyo nthawi yolemekezeka koposa kwa Akatolika. Ngati chipembedzo chanu sichikulolani kugwada, khalani pansi mwakachetechete. Musayende, musalankhule. Patsogolo pake anthu amapatsana moni wa mtendere. Woyandikana naye akakupatsani dzanja, landirani.

Wansembe ndi anthu amayankhana mawu ambiri pa Misa. Musavutike kuwatsatira. Ku Anglican mudzaona zofanana ndi zimenezi. M'matchalitchi aang'ono a kumudzi, kumene wansembe amafikako mwa apo ndi apo, mapemphero amatsogolera ndi akatekisiti kapena mkulu wina, ndipo sipakhala Misa.

Chimodzi chokha choti musachite

Zonse tanenazi, mukalakwitsa palibe mlandu. Mukaimirira anzanu atakhala, adzangomwetulira. Koma chilipo chimodzi chimene mlendo ayenera kusamala nacho. Ndicho Mgonero wa Ambuye, umene Akatolika amati Ukaristia.

Akhristu amadya kachidutswa ka mkate, ndipo m'mipingo yambiri amamwanso pang'ono za m'chikho, pokumbukira chakudya chomaliza chimene Yesu anadya ndi ophunzira ake asanaphedwe. Kwa iwo chimenechi si chakudya wamba. Si phwando loti aliyense amene wabwera alaweko. Ku Katolika amalandira ndi Akatolika okha amene anabatizidwa, anaphunzira ndipo akonzekera. Ku CCAP Mgonero umachitika kangapo kokha pa chaka, ndipo amadya ndi Akhristu a mpingo amene sanaimitsidwe. Akulu a mpingo amawadziwa, ndipo kwina amaona makadi awo. Ilipo mipingo ina imene imalola Mkhristu wobatizidwa wa mpingo wina kudya nawo, koma zimenezo amalengeza okha.

Vuto limabwera chonchi. Anthu a mzere wanu anyamuka onse kupita kutsogolo. Inu mukukumbukira malangizo aja akuti chitani zimene anzanu akuchita, nanunso mwanyamuka. Ayi, apa pokha musatsatire. Apatseni njira adutse, inu mukhale. Ngati mbale ya mkate ikuyenda m'mizere, ipatsireni kwa wina osatengapo. Mukayang'ana bwino mudzaona kuti simuli nokha. Ana, a kalasi, ndi Akhristu ena amene ali ndi zifukwa zawo amakhalanso pansi. Kukhala pansi pa nthawi imeneyi si kunyoza mpingo. Eni ake amakuona ngati munthu wodziwa mwambo.

Mipingo ina

Ku Seventh-day, Loweruka m'mawa amayamba ndi Sukulu ya Sabata. Anthu amagawikana m'magulu ndi kukambirana phunziro la sabata imeneyo, kenaka amasonkhana pamodzi kumva ulaliki. Pa tsiku la Mgonero amayamba asambitsana mapazi, abambo paokha, amayi paokha.

Ku mipingo ya Chipentekoste, monga Assemblies of God, konzekerani phokoso. Kuli magitala, ng'oma ndi zokuzira mawu. Anthu amavina, amakweza manja, amafuula "Aleluya." Pa pemphero aliyense amapemphera mokweza nthawi imodzi, ena m'mawu osamveka amene iwo amati malilime. Ena amalira, ena amagwa pansi. Musathawe, ndi kapempheredwe kawo. Chakumapeto mlaliki amaitana amene akufuna kupereka moyo wawo kwa Yesu kuti akweze dzanja kapena apite kutsogolo. Mvetsetsani bwino chimene akuitanira musanakweze dzanja. Kukweza dzanja pamenepo ndi kulonjeza, si kupereka moni.

Ku Ziyoni ndi kwa Apostoli ena amavala mikanjo, ndipo ambiri amavula nsapato polowa pamalo opempherera. Mukaona nsapato zaunjikana pakhomo, vulani zanu.

Potuluka

Mapemphero akatha, dikirani abusa ndi akulu a mpingo atuluke kaye. Kawirikawiri amaima pakhomo ndi kugwirana chanza ndi aliyense. Apatseni moni monga mwa masiku onse: "Muli bwanji abusa?" kapena "Zikomo Bambo, tapemphera nawo bwino."

Ena adzakufunsani kuti, "Nanga sabata yamawa mubweranso?" Ena adzafuna kudzakuchezerani kunyumba. Yankhani zimene zili mumtima mwanu. Kulowa m'tchalitchi tsiku limodzi sikusandutsa munthu kukhala wa mpingo umenewo. Msilamu amene wapita ku ukwati wa mphwake amatuluka ali Msilamu. Malamulo aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994, pa ndime 33 amapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo. Palibe amene angakukakamizeni kulowa mpingo, ndipo palibenso amene angakuletseni ngati mwafuna nokha. Amene wafuna amakaonana ndi abusa kapena akulu a mpingo. M'mipingo yakale munthu amayamba walowa kalasi, kumene amaphunzira katekisimu kwa miyezi yambiri, kwina kupitirira chaka, asanabatizidwe.

Mawu ena apite kwa inu amene mwaitanidwa ku ukwati monga ankhoswe kapena mboni. Yambani mwafunsa abusa kapena wansembe masiku akadalipo, chifukwa mipingo ina ili ndi malamulo ake pa za amene angakhale mboni. Akakulolani, dziwani kuti pali ntchito imene ikukudikirani. Akwati akamaliza kulonjezana, amapita pa tebulo kukasaina m'buku la maukwati ndi pa setifiketi, ndipo mboni nazonso zimasaina, anthu onse akuona. Kale ambiri a ife tinkadinda chala pamenepa. Tsono kukatsala sabata imodzi, tengani kope lanu, muzilemba dzina lanu madzulo aliwonse kasanu kapena kakhumi. Malo osainapo amakhala aang'ono, choncho yeserani kulemba malemba aang'ono pamzere umodzi. Pa tsikulo tengani bolopeni yanu imene dzanja lanu linaizolowera, ndipo wokusainitsani akuonetseni mzere wake musanayambe kulemba.